Ngongole ya Ndiwo kwa Ana a kwa Nsefu

Munthu wochokera ku Chipata kulinga ku Mfuwe, akatsika mapiri nayamba kumva mpweya wotentha wa kuchigwa ukumuomba kumaso, walowa m'dziko limene anthu a kutsidya kwa nyanja amasungira ndalama zaka zambiri kuti adzalione kamodzi asanatsikire kumanda. Pakuti kuno ndiko kwawo kwa njovu ndi njati, kwa mvuu zounjikana m'madziwe a Luangwa ngati miyala, ndi kwa nyamalikiti wa mtundu wake amene sapezeka kwina kulikonse pansi pano. Koma ine amene ndakhalapo pansi pa mitengo ya mango ya kwa Nsefu nthawi ya nkhomaliro, ndaona chinthu china chimene alendo aja saonetsedwa, ndicho mwana wa zaka ziwiri atakhala pamkeka pakati pa akulu ake, akusunsa kambamu ka nsima m'therere, ndipo pamene iye akali kulimbana ndi mbamu yachiwiri, mbale ya ndiwo yayera kale. Mwana ameneyu wabadwira m'dziko losefukira nyama, koma mwezi umatha, wina nkuthanso, iye osalawa kanthu kalikonse kamene kanayendapo ndi miyendo kapena kusambira m'madzi.

Pali zinthu ziwiri zimene pakamwa pathu timaziphatikiza ngati chimodzi, ndizo kukhuta ndi kudya. Mayi akaona kamimba ka mwana katafufuma amati wadya, nayamika Mulungu, ndipo sindimuweruza, popeza kupeza ufa m'mwezi wa Januwale si ntchito yamasewera. Komatu nsima ili ngati nkhuni pamoto, imapatsa thupi mphamvu ya tsiku lomwelo, pamene zomangira thupilo, mafupa ake, magazi ake ndi ubongo wake, zimachokera m'ndiwo. Kafukufuku wa boma wa za umoyo wa 2018 anapeza kuti mwa ana 100 alionse a m'Zambia osafika zaka zisanu, 35 anali opinimbira, ndiko kunena kuti msinkhu wawo unatsalira m'mbuyo mwa zaka zawo. M'kafukufuku wa 2013 ndi 2014 anali 40. Kutsikako nkoyamika, koma mwana mmodzi mwa atatu ndi khamu lalikulu. Ndipo choipa cha kupinimbira nchakuti sikuliza mwana usiku, sikutenthetsa thupi, sikuthamangitsa munthu kupita kuchipatala. Timangoti watengera agogo ake amene anali aafupi, osadziwa kuti mwina agogowonso anafupikitsidwa ndi mbale yomweyo. A zachipatala amatiuza kuti mlandu wonse umagamulidwa m'masiku 1,000 oyamba, kuyambira tsiku limene mayi watenga pathupi kufikira mwana atakwanitsa zaka ziwiri, ndi kuti chimene chatayika m'masiku amenewo nchovuta kuchibweza. Akulu athu sanawerenge masikuwo, koma anadziwa kuti m'mera mpoyamba.

Tsono funso limene limandisowetsa tulo nlakuti, ndiwo za kuchigwa zinapita kuti? Pakuti Akunda, eni chigwa chino, sanali anthu osauka ndiwo. Ng'ombe analibe zambiri, chifukwa kashembe sanazilole kukhala m'nkhalango za tsanya; koma anali alenje, eni mbuna ndi mikondo ndi mfuti za gogodera, ndipo nyama ikaphedwa inkagawidwa mwa mwambo, kotero kuti ngakhale mkazi wamasiye ndi ana ake ankaona utsi wa nyama pamoto pawo. M'chaka cha 1950, woyang'anira nyama wina, Norman Carr, anakambirana ndi Mfumu Yaikulu Nsefu ya nthawi imeneyo, ndipo mfumuyo inavomera kupatula gawo la dziko lake kuti likhale losungiramo nyama, ndalama za alendo odzaziona zizipita ku thumba la Akunda. Pamenepo panamangidwa msasa woyamba wa alendo oona nyama m'dziko lonse la Northern Rhodesia, limene lero ndi Zambia. M'chaka cha 1972 dziko lija linalowa m'paki ya South Luangwa, ndipo midzi yotsala kum'mawa kwa mtsinje ili lero m'dera la Lupande, m'mene munthu amaloledwa kukhala ndi kulima, koma kupha nyama kumafuna chilolezo chimene mlimi wamba sangachikwanitse.

Pano ndinene poyera, kuti wina angandimve molakwa: sindikuti tibwerere ku gogodera ndi misampha ya waya. Amene anaona mmene njovu zinaphedwera m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, ndi mmene chipembere chinatheratu m'paki imeneyi, amadziwa kuti popanda lamulo lero bwenzi tikufotokozera adzukulu za njati monga tifotokozera nthano. Mfumu ija inaona patali, ndipo ntchito zambiri za ku Mfuwe ndi zipatso za kuona kwake. Chimene ndikunena nchakuti lamulo likachotsa mbale imodzi pamkeka, liyenera kuikapo ina. Ndipo ngati siliikapo, pali wina amene amalipira kusiyanako, ndiye wamng'ono koposa onse pakhomo, amene alibe mawu pabwalo la mfumu ngakhale pamsonkhano wa khonsolo.

Taonani mmene makomo ena a ndiwo amatsekekera nthawi imodzi. Nkhuku zikachuluka pang'ono, chitopa chimadza nkusesa khola lonse m'sabata imodzi. Nsomba zilipo m'Luangwa ndi m'madziwe ake, kwa iye wosaopa ng'ona. Koma boma limatseka usodzi m'mitsinje yambiri ya dziko lino kuyambira pa 1 Disembala kufikira kumapeto kwa Febuluwale kuti nsomba ziswane, lamulo lanzeru ndithu, lokhalo kuti miyezi imeneyo ndiyo yomwe nkhokwe zapepuka, makolo ali paganyu m'minda ya eni, misasa yambiri ya alendo yatsekedwa chifukwa cha matope, ndipo malungo ndi kutsegula m'mimba zili pakhomo. Dimba likabiriwira, njovu imalipeza usiku umodzi. Ndipo amene anagonapo pamsanja akuimba zitini ndi kufukiza tsabola kufikira mbandakucha amadziwa kuti chilombo chimene mlendo amachijambula mokondwa masana ndicho chimene chimadya maungu a ana usiku. Kumene njala ya ndiwo imafikitsa munthu tinakuona mu 2011 kumtunda kwa chigwa chino, m'boma la Chama, pamene mvuu zinafa ndi nthenda ya anthrax, anthu nadya nyama yake, ndipo opitirira 500 anadwala, ena namwalira. Anthu amenewo sanali opusa. Anali ndi nkhuli ya miyezi yambiri.

Chifukwa chake ndimati pali ngongole, ndipo eni ngongoleyo ndi onse amene amadya za nyama za m'chigwa: boma limene limatolera ndalama pachipata cha paki, eni misasa ya alendo, makampani a ulenje, ndi mabungwe a m'midzi oyang'anira zachilengedwe amene amalandira gawo la ndalama za zilolezo. Sindikuti sanachite kanthu, ayi. Masukulu amangidwa, mijigo yakumbidwa, ndipo mjigo uliwonse wapulumutsa mayi ku ng'ona ndi mwana ku madzi oipa. Koma tili ndi chizolowezi chokonda chitukuko chimene chimalembedwa dzina pakhoma, ndipo dzira silingakhomedwe chikwangwani. Ndalama za chitukuko cha dera la phungu, zimene timati CDF, zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni m'chaka cha 2022, ndipo zakhala zikukwerabe. Kodi nchachikulu kupempha kuti mwa ndalama zofika ku Malambo, dera la phungu la kuno, kagawo kakang'ono kazipita ku katemera wa chitopa, amene ndi dontho limodzi m'diso la nkhuku katatu pachaka, ndi kwa anthu a m'mudzi momwemo ophunzitsidwa kumuyendetsa khomo ndi khomo? Njira yake si yachilendo kuno. Bungwe la COMACO, limene Dale Lewis analiyambitsa m'chigwa chino mu 2003, linalandira mfuti ndi misampha kwa alenje nkuwaphunzitsa kulima mtedza, soya, mpunga ndi kuweta njuchi, ndipo pamodzi ndi akatswiri a ku yunivesite ya Cornell linayesa kale katemera wa nkhuku ndi makola ang'onoang'ono a mazira m'midzi. Chimene chinayesedwa ndi bungwe chiyenera kukhala ntchito ya chaka ndi chaka ya khonsolo, yosadalira kuti mlendo wachifundo akhalapo kapena wapita, pakuti mlendo ndi mame.

Chimodzimodzinso sukulu. Kuyambira 2022, pamene maphunziro anakhala aulere, makalasi adzaza ana amene kale ankatsala pakhomo, ndipo ambiri a iwo amafika atayenda mtunda wautali m'mimba mulibe kanthu. Phala la pasukulu lothira soya kapena nsinjiro, logulidwa kwa alimi a m'dera lomwelo, limagwira ntchito ziwiri, pakuti limadyetsa mwana ndi kupatsa atate ake msika.

Tsono ndibwere kunyumba, popeza ndikaleka pamenepa ndidzakhala ngati mboni yonena theka la zimene inaona. Mlandu uwu suli wa boma lokha. Chigawo cha Kum'mawa ndicho nkhokwe ya mtedza, umene kuno timati nshawa, m'dziko lonse la Zambia; kuli chalimbana wa makolo, kulinso mitundu ya MGV4 ndi MGV5 yochokera ku Msekera pafupi ndi Chipata. Koma yang'anani zimene zimachitika m'miyezi ya Meyi ndi Juni, pamene ogula afika ndi masikelo awo pansi pa mtengo: matumba amatuluka m'nyumba limodzi limodzi kufikira lomaliza, pamtengo wotsika wa nthawi yokolola, ndipo m'Januwale mayi yemweyo amakagula katimpukutu ka nsinjiro pamtengo umene ukanamugulira mbale yodzaza. Esau anagulitsa ukulu wake ndi mphodza, koma iye anadyako mphodzazo. Ife timagulitsa mphodza zenizenizo. Ndikudziwa kuti pali sopo, mchere, yunifolomu ndi ngongole ya mbewu ya thonje zimene sizidikira, ndipo sindikunyoza munthu wogulitsa zokolola zake. Ndikungoti thumba la mwana liziyamba kupatulidwa, monga mmene mlimi wanzeru amapatulira mbewu asanadye, ndipo wogula aziuzidwa kuti ilo silili pamalonda.

Palinso mwambo wa kagawidwe, umene ndiyenera kuukhudza mwaulemu popeza ndi wa makolo anga. Nkhuku ikaphedwa, nthutumba ndi chiwindi ndi ntchafu zimapita kwa bambo ndi alendo, ana nalandira zipalapasiro ndi msuzi. Ndipo m'makomo ena dzira limaletsedwabe kwa mwana, ati angadwale khunyu kapena kukula wakuba, ndi kwa mayi wapakati, ati angabale mwana wopanda tsitsi. Ine ndimaganiza kuti akulu amene anaika malamulo amenewa ankateteza khola, kuti mazira aswe anapiye, ndipo anaopseza ana monga tonse timaopsezera. Koma choopsezacho chakhalitsa kuposa chifukwa chake. Dzira silidzetsa khunyu. Chiwindi, chimene chili ndi zowonjezera magazi zochuluka, chimafunika koposa kwa mwana wa chaka chimodzi ndi kwa mayi woyembekezera. Ndipo bambo amene atenga chiwindicho m'mbale mwake nkuchiika m'mbale ya mwana sanataye ulemu wake, wangoonetsa kuti ndi mwini mbumba weniweni.

Mwana akatupa mapazi ndi nkhope, tsitsi lake nkusanduka lofiirira ndi lopyapyala, m'midzi yathu mumayamba manong'onong'o a tsempho, ndipo masiku amatha akulu akufunsana amene walakwa, pamene mwanayo akufooka. Dokotala wina wamkazi, Cicely Williams, amene anagwira ntchito ku Gold Coast, dziko limene lero ndi Ghana, analemba za nthenda imeneyi m'zaka za m'ma 1930 naitchula ndi dzina la anthu a kumeneko, kwashiorkor, ndiko kuti nthenda ya mwana wochotsedwa kubere chifukwa kwadza mnzake. Makolo athu anaionanso, naitcha utumbidwa. Anadziwa bwino lomwe kuti imatsata mwana wosiyitsidwa bere msanga, chosowa chinali kudziwa kuti mankhwala ake ali m'mbale. Za mwambo zikambidwe, amene afuna kuzikamba, koma zikambidwe mwana ali kale m'manja mwa anamwino, kuchipatala cha pafupi kapena ku Kamoto, kumene kutupa kotere amakudziwa ndipo amakuchiza.

Nanga mbale yoyenerayo ndi yotani? Si ya m'sitolo ya ku Lusaka. Miyezi isanu ndi umodzi yoyamba, bere lokha, popanda madzi ngakhale m'kutentha kwa Okutobala, popeza mkakawo uli ndi madzi okwanira. Pambuyo pake phala, bere likupitirira kufikira zaka ziwiri kapena kuposa. Koma phalalo lisakhale lamadzimadzi loyenderera pasupuni, pakuti kamimba ka mwana wa miyezi isanu ndi itatu sikaposa kapu ya tiyi, ndipo mukakadzaza madzi mwamunamiza. Likhale la mgaiwa, chifukwa ufa woyera umene timaunyadira pamaso pa alendo ndi chimanga chimene chavulidwa gaga ndi mtima wake, zabwino zake nkupatsidwa nkhuku. Likhale lolimbirako, lothira nsinjiro, kapena dzira, kapena kapenta wosinja, kapena nyemba zopota, ndi masamba osinjidwa bwino, kaya nkhwani, bonongwe, kholowa kapena chitambe. Mwana wa chaka adye katatu kapena kanayi patsiku, ndi kachipatso pakati, ndipo adye m'mbale yakeyake, wamkulu atakhala pambali. Pakuti m'mbale ya onse, dzanja laling'ono limagonja nthawi zonse.

Za zipatso, Mlengi sanatimane. Malambe amene anyani amatilanda ali ndi vitamini C wochuluka kuposa malalanje, ndipo ufa wake ukathiridwa m'phala umathandiza thupi kuyamwa zowonjezera magazi za m'masamba ndi nyemba, pamene tiyi womwera pachakudya amachita zosiyana. Kuli bwemba, kuli masau, kuli nchenja za m'mbali mwa mtsinje, kuli mango amene m'Disembala amaolera pansi ndi kuitana njovu m'mudzi, pamene akanadulidwa nkuyanikidwa akanafika mpaka Juni. Mbatata yofiira mkati ndi chimanga cha olenji, chimene chinatulutsidwa m'dziko lino mu 2012, zili ndi vitamini A woteteza maso ndi kulimbitsa thupi. Shuga wathu wakhala akuthiridwa vitamini yemweyo kuyambira 1998, koma ichi chisakhale chifukwa chothirira masupuni anayi m'kapu ya mwana. Kwa amayi anga ndipemphe ziwiri zokha: soda ndi chidulo zichepe, ndipo masamba asaphikidwe kufikira atasanduka akuda, popeza zabwino zake zimafera mumphika, ndiponso mtedza wa chuku, wonyala ndi wowawa, umene wogula waukana, usakhale ndiwo wosinjira mwana, chifukwa chukucho chili ndi poizoni wowononga chiwindi amene moto sumupha. Kunyowetsa makoko kuti asavute kuswa ndiko kumaitana chukucho.

Pali mdani wina watsopano amene agogo athu sanamudziwe, ndiye timapepala tonyezimira ta m'magolosale, majigisi ndi zakumwa zofiira zozizira. Mwana akalira timamutonthoza nato, ndipo kwa kholo losauka ndi njira yoonetsera chikondi imene ndalama yake ingakwanitse. Koma m'kati mwake muli mchere, shuga, mafuta ndi utoto, zimene zimapha njala osamanga kanthu, kotero kuti ikafika nthawi ya phala mwana amakana. Ndalama ya timapepala tiwiri kapena titatu siili kutali ndi mtengo wa dzira.

Akulu ogwira ntchito ndiwanene mwachidule, pakuti iwo ali ndi pakamwa podzinenera. Mlimi wa thonje, mlonda wa nyama woyenda m'thengo masiku ambiri, wophika kumsasa ndi woyendetsa njinga ya katundu, onsewa amagwira ntchito m'dziko limene m'Okutobala kutentha kumapitirira madigiri 40. Ayenera kulawirira atadya, anyamule madzi ndi thobwa, apume dzuwa likakhala paliwombo, ndipo chigubu chimene munali mankhwala a thonje chisasanduke chotungira madzi ngakhale chitatsukidwa kasanu. Amene ayamba kulandira malipiro a pamwezi achenjere ndi mchere, mafuta ndi zakumwa zotsekemera, popeza kuthamanga kwa magazi ndi shuga si nthenda za ku Lusaka zokha tsopano. Mchere wa munthu wamkulu usapose kasupuni kamodzi ka tiyi patsiku, ndipo kukayezetsa sikufuna kuti munthu ayambe wagwa. Koma wantchito amene timamuiwala koposa ndi mayi wapakati amene amalima, natunga madzi, nasenza nkhuni, nkudya pomaliza zotsala mumphika. Masiku 1,000 aja amayambira m'mbale yake.

Chilala cha 2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema anachilengeza pa 29 Febuluwale kuti ndi tsoka la dziko, chitakhudza maboma 84 mwa 116, chinatikumbutsa kuti munda wa chimanga chokha uli ngati nyumba ya mzati umodzi. Mapira amene Akunda ankalima asanatengeke ndi chimanga amapirira dzuwa, ngakhale ndivomereze kuti mbalame zimawakonda, ndipo ana amene ankaziingitsa ali kusukulu, kumene ayenera kukhala. Khobwe ndi nandolo nazonso sizifa msanga. Mfutso umene atsikana a lero amauchitira manyazi ndiwo unkadyetsa mudzi m'Okutobala, ndipo nthawi youfutsa ndi Malichi ndi Epulo, masamba akali ambiri, powayanika pamthunzi kuti asataye mtundu. Yosefe sanayambe kumanga nkhokwe chaka cha njala. Ndipo nkhanga zinapangana kusanapse.

Chifukwa chake ndikupempha Mfumu Yaikulu Nsefu ndi mafumu anzake a Akunda, a Kakumbi, a Mnkhanya, a Jumbe, a Malama ndi a Msoro, kuti pamene asonkhana pa mwambo wa Malaila, akuluakulu a boma ndi eni misasa atakhala pamipando yaulemu, nkhani ya ndiwo za ana ikambidwe pabwalo lomwelo pamodzi ndi nkhani ya misewu ndi ya njovu, ndipo afunse kuti mwa ndalama za chaka chimenecho zingati zinafika kukhola la nkhuku ndi kumphika wa sukulu. Ndipo kwa nyakwawa iliyonse ndikupempha chinthu chimene sichifuna ndalama ya boma: ogula akadzafika ndi masikelo awo m'Meyi, pakhomo paliponse pamene pali mayi wapakati kapena mwana woyamwa patsale thumba limodzi la nshawa zosaswa, zouma bwino, loikidwa pathandala m'kati mwa nyumba kapena m'nkhokwe ya njerwa imene njovu siingaswe, ndipo lisatsegulidwe kufikira mvula yoyamba itagwa.